Vera NaLungwe ndi Chiboliboli cha a Mbukwa

Mukafika ku Misuku n'kufunsa za Vera NaLungwe, achikulire amayamba kukuuzani kuti panalibe mayi wodziwa kudulira khofi ngati iye. Akatero amakhosomola pang'ono, n'kuwonjezera kuti koma anali wosakhululuka. Mawu achiwiriwo amawanena akuyang'ana kumbali.

Vera anabadwira komweko, m'mudzi wa pamtsetse umene nkhungu imachedwa kuchoka m'mawa. Sukulu anailekeza atangodziwa kuwerenga nyimbo za kutchalitchi, bambo ake atanena kuti zakwana. Anakwatiwa akadali mtsikana ndi Isaiah Kayange, mnyamata wamtali, wochedwa kuyankha, amene ankaimba besi m'kwaya. Isaiah analibe chuma, koma bambo ake anamusiyira munda wa m'mphepete mwa mtsinje, pamene msewu wochokera ku boma unkathera. Kwa anthu olima m'mapiri, mwendo wina m'mwamba wina m'munsi, munda umenewo unali wosiririka: wathyathyathya, wamadzi chaka chonse. Kumapeto kwake, pansi pa mtengo wa mapeyala, kunali manda awiri, a bambo ake a Isaiah ndi a mwana woyamba wa Vera, amene anafa asanamere mano.

Munthu wamkulu m'deralo masiku amenewo anali a Wallace Mbukwa. Atsamunda anawamanga pa nthawi ya chitaganya chifukwa choletsa anthu kumvera malamulo awo a kalimidwe, ndipo kundende anabwerako opanda mano akutsogolo. Dziko litalandira ufulu anakhala tcheyamani wa chipani. Ndi iwo amene anayenda nyumba ndi nyumba kugawa mbande za khofi, ndi iwonso anatsogolera anthu kukumba msewu ndi makasu. Zonsezi zinali zoona, ndipo Vera pa moyo wake wonse sanazikanepo. Ali mtsikana anaimba nawo nyimbo zowatamanda.

M'chaka cha 1974 a Mbukwa anaganiza zoti alimi akhale ndi fakitale yosendera khofi pafupi, aleke kusenza zipatso kudutsa mapiri. Fakitale yotere imafuna madzi ndi malo osalala oyanikira, ndipo malo otere anali amodzi okha. Anapita kwa Isaiah. Isaiah anaganiza nthawi yaitali, monga mwa chizolowezi chake, kenako anati atenge theka la kumsewu, koma mbali ya kumanda asaikhudze. A Mbukwa anati theka silikwana.

"Akufa sadya khofi, Kayange."

"Sadya, adada, koma ndi anga."

A Mbukwa anaseka, namusisita paphewa, n'kumapita. Vera, amene ankamvera ali pakhomo, anaganiza kuti nkhani yatha bwino.

Pasanapite nthawi kunali msonkhano wa chipani pabwalo la sukulu, dzuwa lili pamutu. Vera anakhala kumbali ya azimayi, mwana wake wamkazi Ivy ali kumsana, wina ali m'mimba. A Mbukwa analankhula za makhadi, za msewu, za chitukuko. Kenako mawu awo anatsika.

"Pakati pathu pano pali munthu amene akuwoloka Songwe mwezi ndi mwezi. Ku Tanzania kuli zigawenga zothawa kuno, tonse tikudziwa. Akapita kumeneko amakadya ndi ndani? Kayange, taimirira anthu akuone."

Mlongo wake wa Isaiah anakwatiwa kutsidya kwa mtsinjewo ndipo ankadwala. Mudzi wonse unkadziwa. Theka la anthu amene anali pabwalopo anadya nyama pa ukwati wake, a Mbukwa ali pampando wakutsogolo. Koma palibe anatsegula pakamwa. Isaiah anaimirira, n'kuyamba kufuna mawu, ndipo mawu asanabwere anyamata a malaya ofiira anali atamugwira kale. Anamuponya kumbuyo kwa galimoto ngati thumba la chimanga. Nsapato yake imodzi inavuka n'kutsala m'fumbi. Galimoto itapita, anthu anauzidwa kuti aimbe, ndipo anaimba. Vera anaitola nsapato ija n'kuibisa m'chitenje.

Fakitale inamangidwa chaka chomwecho. Mtengo wa mapeyala unadulidwa, manda anasalazidwa, ndipo pamwamba pake anaimikapo mathebulo oyanikira khofi. Vera anatsala ndi kamunda ka kumtunda, kotsetsereka mwakuti mbuzi yomwe inkayenda mosamala. Anzake a kumtondo anayamba kudutsa njira ina akamuona, osati chifukwa chomuda, koma mkazi wa chigawenga sankapatsidwa moni poyera. Mwana wa m'mimba uja, Lyson, anabadwa mvula ikuyamba, ndipo amene anamuthandiza Vera kuchira anali mayi ake okha.

M'kamunda kaja Vera anadzala khofi, popeza ku Misuku kunalibe china chopezera sopo. Anaphunzira kudulira poyang'ana mitengo yokhayo, ndipo patapita zaka mitengo yake inkabereka mwakuti alangizi ankabwera ndi alendo kudzaona. Zipatso zikapsa ankazisenza pamutu kutsika nazo ku fakitale, n'kuima pamzere pamalo amene kale ankalimapo nyemba. Kuyanika kukafika, ankauzidwa kuti asanthule khofi pa mathebulo aja. Ankadziwa thebulo limene pansi pake panali mwana wake. Sanauze munthu, koma limenelo sankalisiyira wina.

Za Isaiah sizinamveke kwa zaka zambiri, mpaka pamene a Safeli anamasulidwa. A Safeli anali telala wa pamsika, ndipo iwo anatengedwa chifukwa cha nthabwala imene ananena atamwa. Anabwerako ali owonda, dzanja lamanja likunjenjemera, osathanso kulowetsa ulusi m'singano. Tsiku lina anakwera kumunda kwa Vera ngati ofuna kupempha nthochi, n'kumupatsa moni wa m'chiyankhulo cha kwawo.

"Mwaghona, NaLungwe."

"Ena, mwaghona, adada."

A Safeli anakhala pamzere, n'kuyang'ana uku ndi uku. Anati anali ndi Isaiah m'chipinda chimodzi, kundende ya kumwera. Anati chifuwa chinamugwira m'chaka chachiwiri, miyendo inatupa, ndipo anamwalira atatsamira pa iwo. Anati mpaka kumapeto ankafunsa chinthu chimodzi: ngati mwana wa m'mimba uja anabadwa wamwamuna kapena wamkazi.

"Musalire mokweza, mama," anatero a Safeli. "Ine sindinakuuzeni kanthu. Ndinadzapempha nthochi."

Vera anawadulira mkoko wa nthochi, iwo n'kutsika nawo. Iye anapitiriza kupalira mpaka mzere unatha.

Mphepo ya matipate itafika ku Chitipa, Vera anali ndi imvi, Lyson ali mnyamata wophunzira kumanga nyumba. Chimene chinamudabwitsa si kusintha kwa dziko, koma amene anakutsogolera. A Mbukwa, okalamba tsopano ndi oyendera ndodo, anali oyamba ku Misuku kuimirira pagulu atanyamula nyali m'manja, kuuza anthu kuti tambala wakuda watha ntchito. Anati chipani chimodzi chinazunza anthu a kumpoto, chinachotsa aphunzitsi awo, chinadzaza ndende. Anthu anawaombera m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Vera anavotera nyali ngati anzake onse, koma pobwerera sanaimbe nawo.

Boma litasintha, iye anachita chinthu chimene anachidikira zaka pafupifupi makumi awiri: analira maliro a mwamuna wake. Mtembo panalibe. Kumtunda kwa kamunda kake anakumba manda, n'kuikamo jekete la kukwaya ndi nsapato imodzi ija. Anthu anabwera ambiri, ena mwa iwo omwe aja ankadutsa njira ina. Mwambo uli mkati kunafika a Mbukwa, mnyamata wina akukoka mbuzi pambuyo pawo. Akuluakulu a mpingo anawapatsa mpando, kenako anawapatsanso mwayi wolankhula.

"Nthawi ija inali yoipa," anatero. "Tonse tinavutika. Tonse tinali akapolo. Mwana wathu Isaiah anadyedwa ndi nthawi."

Vera anadikira kuti mwina pabwera mawu ena. Sanabwere. M'mawa mwake anamasula mbuzi ija, n'kuikoka yekha kudutsa pamsika anthu akuona, n'kukaimangirira pakhonde la a Mbukwa. Ndi tsiku limenelo pamene anthu anayamba kunena kuti NaLungwe ndi wosakhululuka. A Mbukwa anamwalira patapita zaka ziwiri, ndipo pa maliro awo magalimoto anasowa poima.

Nkhani ya chiboliboli inabwera makhansala atasankhidwa. Wa dera lawo anali Oliver Mbukwa, mdzukulu wa malemu, mnyamata wophunzira, waulemu, wodziwa kugwada popereka moni kwa akulu. Iye anapititsa kwa makhansala anzake ganizo loti pakhale lamulo lolemekeza agogo ake: chiboliboli chawo chiimikidwe pabwalo la fakitale, bwalolo litchedwe dzina lawo, ndipo chaka chilichonse ana asukulu azipitapo kukamva mbiri yawo. Makhansala anati lamulolo lisanadutse, eni dera ayambe afunsidwa.

Vera anamva izi kutchalitchi, pa zolengeza. Sanapite kunyumba. Analunjika kwa a Safeli, n'kuwapeza akuwothera dzuwa.

"Ine ndikanena ndekha adzati ndi mkwiyo wa mayi wamasiye," anawauza. "Inu munaona. Anafera pa inu. Sindikuti mutukwane munthu. Mudzangonena kuti Isaiah Kayange analiko, ndipo anafa chifukwa cha munda."

A Safeli anavomera pomwepo. "Ndidzanena, mama. Ndatsala ndi chiyani choopa? Mukadzangomaliza inu, ine ndidzaimirira."

Msonkhano unachitikira pabwalo la sukulu lomwe lija. Kutsogolo kunali thebulo, ndipo panakhala Oliver, akuluakulu a alimi, ndi mayi wina wa ku ofesi dzina lake Jean, wochokera kumwera, amene anatumidwa kudzalemba maganizo a anthu. Vera atakhala pansi anayang'ana kumbali ya amuna kufuna a Safeli, osawaona. Kenako anawaona. Anali kutsogolo, pampando, atavala jekete latsopano lowakulira. Oliver powadziwitsa kwa mlendoyo anati awa ndi amodzi mwa ngwazi zathu zimene zinazunzika m'nthawi ya chipani chimodzi, ndipo dzina lawo lidzalembedwa pa chipilala, m'munsi mwa la agogo.

Analankhula ambiri. Wina anakumbutsa za mano aja anatsala kundende ya atsamunda, wina za msewu, wina anati popanda a Mbukwa ana a ku Misuku bwenzi akuyendabe opanda nsapato. Oliver atafunsa ngati pali wina, Vera anaimirira. Anayamba m'chiyankhulo cha kwawo, koma Oliver anakweza dzanja mwaulemu.

"Amama, pepani, mlendo wathu samva. Tiyeni tiyese Chichewa."

Chichewa cha Vera chinali cha pamsika, chokwana kugulira mchere, chosakanikirana ndi Chitumbuka. Anayesa.

"Ine ndikukana. Malo aja ni ya mfumu wane. A Mbukwa ŵakamukoma mfumu wane."

Jean anadzutsa mutu. "Anapha mfumu? Mfumu ya mudzi uti, mayi?"

Achinyamata kumbuyo anaphulika kuseka. Mphunzitsi wina ananong'oneza mlendoyo kuti kuno mfumu wane ndiye kuti mwamuna wanga. Jean anachita manyazi, n'kupepesa, koma kuseka kunali kutalowa kale m'khamu. Vera anadikira kuti kuthe. Kenako ananena zonse, mawu akumuthawa n'kumawatola: za munda, za manda awiri, za mlongo wa kutsidya, za galimoto. Anati sakukana kuti a Mbukwa anagawa mbande. Anati amange chiboliboli chawo kumsika, kapena pakhomo pawo, kapena pamwamba pa phiri kuti a ku Tanzania nawonso azichiona, koma osati pamene pagona apongozi ake ndi mwana wake. Pomaliza anatembenukira kutsogolo.

"A Safeli alipo. Anene iwo."

A Safeli anayang'ana mabatani a jekete lawo. Anawagwira limodzilimodzi kuyambira m'mwamba. Kenako anati, mawu ali pansi, "Ine ndakalamba, mama. Zambiri ndinaiwala."

Oliver sanakwiye, ndipo chimenecho chinamuwawa Vera koposa. Anachoka pathebulo, n'kubwera kudzagwada pafupi naye, n'kulankhula mokweza kuti onse amve.

"Amama, chisoni chanu ndi chathu. Koma agogo sanamange munthu, linamanga ndi boma la nthawi imeneyo. Iwo sali pano kuti adziyankhire. Madzi akatayika sawoleka. Tikayamba kufukula zakale, ndani pano adzatsale woyera? Amene anagwira a Kayange tsiku lija, ena ndi madikoni lero. Amene anaimba nyimbo galimoto itapita, si tonse?"

Ponena zimenezo anawagwira anthu pamene pankawawa. Akuluakulu amene poyamba ankayang'ana pansi anayamba kugwedeza mitu. Atauzidwa kuti ovomereza akweze manja, manja anadzuka ngati mapesi. Otsutsa: dzanja limodzi. Vera anayang'ana kwa Lyson. Iye sanakweze pa kuvomereza, koma pa kutsutsanso manja ake anali pakati pa mawondo.

Anthu akubalalika, Jean anamutsatira Vera. Anati mawu ake wawalemba onse, sanasiye ndi limodzi lomwe, koma adzawerengedwa ngati maganizo a munthu mmodzi. Vera anathokoza kuti yewo, n'kumapita. Lamulo linadutsa mwezi wotsatira, ndipo linalengezedwa ngati chifuniro cha anthu onse a m'deralo.

Chibolibolicho chinkaumbidwa kumzinda, koma chipilala choti chidzakhalepo chinayenera kumangidwa ndi mmisiri wa komweko. Mmisiri wodziwa kumanga ndi miyala ku Misuku konse anali Lyson. Oliver anapita yekha kukamupempha, n'kunena kuti ichi chikhala chizindikiro choti mabanja awiriwa agwirizana.

Lyson anazengereza masiku angapo asanakwere kwa mayi ake. Anawapeza akusankha nyemba pakhonde. Anakhala patali pang'ono, n'kuyamba ndi nkhani ya mvula, ya denga la khitchini, ya mwana wake Gloria amene anasankhidwa kupita ku sekondale.

"Nena chimene wabwerera, dada wa Gloria."

"Amama, andipatsa ntchito ya chipilala."

"Ndamva kale kumtsinje. Ndimadikira ndimve ngati unakana."

"Ndikakana ine amanga wina. Chiboliboli chiima basi. Ndipo ndikakana, ntchito za sukulu, za milatho, zonse zimadzera kwa khansala. Ndidzamanga chiyani? Makola a nkhumba?" Kenako anawonjezera chimene chinali pansi pa mtima. "Ine adada sindinawaonepo, amama. Ndakula ndikusenza munthu amene nkhope yake sindiidziwa. Anzanga ankasewera mpira, ine ndinali mwana wa chigawenga. Tsopano ndikhalenso mwana wa wosakhululuka? Ndatopa."

Vera anapitiriza kusankha nyemba. Zowola ankaponyera nkhuku.

"Akuti uchimange pati?"

"Pakati pa bwalo, pamene panali mathebulo akale. Awasuntha."

"Kuchokera pa mpopi kuyang'ana kumtsinje, pali chitsa chokwiririka. Ukachipeza, dziwa kuti kumanja kwake kuli agogo ako, kumanzere kuli mkulu wako. Ukumbe bwino. Anali wamng'ono, mafupa ake sungawaone."

Lyson anadzuka osatsanzika. Chitsa chija anachipezadi. Anauza Oliver kuti dothi la pamenepo ndi lofewa, silingasenze miyala, ndipo maziko anawasunthira cha kumsewu. Pamalo a manda aja anadzalapo kapinga n'kuzunguliza timiyala topaka laimu, anthu n'kumati ndi zokongoletsa. Anatuma mkazi wake kukauza mayi ake zimenezi, akuyembekeza kuti mwina mtima wawo utsika. Vera anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa mpongozi wakeyo ngati kwawo nyemba zacha.

Chiboliboli chinafika pa lole, chitakulungidwa m'malona ndi matiresi, ndipo pa zitunda zina amuna anachita kukankha. Tsiku lochivundukula Vera anali m'munda mwake. Kuchokera kumtundako bwalo lonse linkaoneka ngati m'mbale: matenti, magalimoto a alendo, ana asukulu m'mizere. Anamva ng'oma, anamva chimkuzamawu chikutchula dzina la Lyson Kayange, mmisiri wathu, anthu n'kuomba m'manja. Kenako inaimba kwaya ya kutchalitchi kwawo. Nsalu itachotsedwa anaona munthu wa simenti wopakidwa utoto wonga mkuwa, ataimirira, mbande ya khofi ili m'manja. Kuchokera patali choncho sankafanana ndi a Mbukwa kapena munthu wina aliyense.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, a Safeli anakwera phirilo akupumira m'mwamba, jekete lija lili pamkono. Anaima kumalire a munda n'kuodira. Vera anawaona. Iwo anaodiranso. Anayamba kunena kuti Oliver anawalonjeza kuwatengera kuchipatala chachikulu za dzanja lawo, kuti munthu akakalamba alibe mwana amagwira chilichonse. Vera anatola khasu lake n'kulowa m'nyumba, n'kutseka chitseko. A Safeli anaima panjapo mpaka anazindikira kuti sichitsegulidwa.

Chaka chimenecho khofi anabereka kwambiri. Mitengo ya Vera inalemedwa mpaka nthambi kugwa pansi, ndipo zipatso zitayamba kufiira anthu ankaima m'njira kuziyang'ana. Kuti azigulitse anayenera kutsika nazo ku fakitale, kulowa pa geti limene tsopano linali ndi dzina la a Mbukwa, kudutsa pamaso pa chiboliboli, n'kuima pamzere pambali pa kapinga uja. Anaganiza za zimenezi masiku ambiri. Kenako m'mawa wina ananola chikwanje, n'kuyamba ndi mtengo wa kumunsi kwenikweni.

Sanadule mwaukali. Ankadula modekha monga ankadulira, koma pansi penipeni, mtengo ukagwa n'kuukokera pambali. Anansi anathamanga, ena akuti wapenga, ena akumupempha kuti ayambe wathyola zipatsozo kaye. Mlangizi wa khofi anafika thukuta lili kamukamu, n'kuima manja ali m'chiuno. Lyson atamva anabwera n'kugwira chikwanjecho.

"Amama, mudya chiyani?"

"Siya chikwanje changa."

"Mukulanga ndani? Oliver sataya kanthu. Fakitale sitseka chifukwa cha inu."

"Ndikudziwa. Ndinasenzera khofi pamanda a mwana wanga zaka zonsezi chifukwa kunali mfuti. Tsopano akuti kuli ufulu. Ufulu wanga ndi umenewu. Siya."

Lyson anasiya. Anakhala pamzere n'kumaonerera mpaka mayi ake anatopa, ndipo mawa lake iwo anapitiriza. Munda utatha, Vera anatumiza uthenga kwa Ivy, amene anakwatiwa ku Chisenga, kuti amukonzere pogona. Nyumba anasiyira Lyson. Anamuuza kuti manda a kumtunda aja azilambula, ngati nthawi ya zimenezo ali nayo.

Lole yopita ku boma inkanyamulira anthu pamsika. Vera anakwera kumbuyo ndi mtolo wa zovala, mapoto awiri ndi nkhuku yomanga miyendo. Pafupi naye panakhala wapolisi wachinyamata wochokera kuchigawo chapakati, amene anali atangotumizidwa kumene kuderalo. Anamuthandiza kukweza mtolo, n'kumupatsa moni wa Chitumbuka chophunzira dzulo. Msewu wotuluka ku Misuku unkadutsa pa geti la fakitale, ndipo pamenepo dalaivala anaima kuti akweze matumba. Chiboliboli chinali pomwepo, mbalame zitachidetsa kale paphewa. Pa kapinga paja panakhala azimayi awiri akudya nthochi, madengu awo ali pambali.

"Agogo," anatero wapolisi uja, "ndakhala ndikufuna kufunsa. Bambo amenewa anali ndani? Anachita chiyani?"

Vera anakonza chitenje pamapewa. Anayang'ana azimayi aja, wina akuponya khoko la nthochi pa timiyala toyera.

"Funsani eni ake, mwana wanga," anayankha. "Ine si wa kuno."

Ku Chisenga anakhala zaka zisanu ndi ziwiri, akulima nyemba ndi mawere m'munda wa mkamwini wake, moyang'anana ndi mapiri a Mafinga. Anthu a kumeneko ankamudziwa ngati agogo a phee ochokera kumtunda, osakonda misonkhano. Lyson ankabwera nthawi ya chilimwe, n'kumata ming'alu ya nyumba, ndipo awiriwo ankacheza za malata ndi za ana. Vera atayamba kudwala, Lyson anafunsa ngati akonze galimoto yoti tsiku likadzafika adzapite nawo kwawo. Vera anati msewu wa ku Misuku ndi woipa, asavutitse anthu. Anaikidwa ku Chisenga komweko, pakati pa anthu a mtundu wa mkamwini wake.